Chiwongolero Chovala Jekete

Pamsewu wa kuseri kwa msika pali nyumba ya geti lopapatiza, ndipo chipinda chake chakumaso ndi chosokeramo. Makina akhala akulira m'chipindamo zaka makumi atatu ndi zisanu. Eni ake aliyense amangowatcha Mayi Telala. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno ndi tepi yoyezera m'khosi, moti ana a pamsewupo amayesa anabadwa nayo. Akakuyang'anani kamodzi adziwa kale kukula kwa chiuno chanu, ndipo mukayamba zoti mwaonda masiku ano amangoti, "Tepi sinama, mwanawe," n'kulemba zimene aona.

Amuna awo anawapezera pa makina omwewo. Tsiku lina kunabwera mnyamata wamtali atakwapatira nsalu yabuluu yokhuthala, imene kampani ina inamupatsa kuti akasoketse jekete ya udalaivala. Atelala awiri anali ataikana kale kuti imathyola singano. Mtsikana wa pamakinapo anathyola singano zitatu, koma jekete inatuluka yokhala pathupi bwinobwino, mapewa ali chilili. Patatha sabata mnyamata uja anabwera kuti batani lathothoka. Sabata inayo lathothokanso lina. Mtsikana ataona kuti ulusi ukuchita kudulidwa ndi lezala, anamuuza kuti ngati ali ndi mawu angonena mabatani asanathe. Chaka chomwecho anamanga banja.

Mnyamata uja anayendetsa mabwana zaka makumi atatu ndi chimodzi osakanditsa galimoto ngakhale ndi kamtengo. Anzake pantchito anamutcha Sanagundepo, ndipo dzinalo linakwirira lake lenileni. Anali munthu wa malamulo. M'galimoto sadyeramo. Chitseko sachimenyetsa. Dalaivala salankhulitsidwa. Ndipo lamulo lalikulu pa onse, limene ankalinena ngakhale patebulo: "Chiwongolero salimbana nacho. Ukakhota, tambasula zala chibwerere chokha, chizitsetsereka m'manja." Jekete ija ankaivala tsiku ndi tsiku, mpaka chigongono cha kumanja chinabooka chifukwa chotsamira pawindo. Mayi Telala anadula kansalu m'kati mwa mpendero n'kuikapo chigamba chozungulira, chosokedwa mwaluso moti mabwana sanachionepo. Popuma pantchito, kampani inawapatsa a Sanagundepo galimoto yotuwa imene anaiyendetsa zaka zomaliza. Tsiku limene inalowa pageti lopapatiza lija, Mayi Telala anaima pakhonde atagwira m'chiuno kuti msewu wonse uone.

Kenako m'mawa wina, akutsuka galimoto yomweyo, a Sanagundepo anangoti khu pansi, nsanza ili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Pakamwa panamasuka patapita miyezi, mwendo nawo unayamba kuyenda mothandizidwa ndi ndodo, koma mkono wamanja unapindikira pachifuwa, zala zitafumbata, osamvanso za mwini wake. Jekete anayesa kuivala kamodzi, mkono unakana kulowa. Anauza akazi awo kuti aipachike kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, kiyi wa galimoto ali m'thumba lake lam'kati, ndipo aziisita Loweruka lililonse. "Ndidzaivala ndikachira," ankatero. Mayi Telala ankangosita.

Madokotala ananena kuti ngati mkonowo uli ndi mwayi, mwayi wake uli ku mafizo, masewera olimbitsa ziwalo amene ankachititsa kuchipatala Lachinayi lililonse, kutsidya kwa tauni. Anayamba kupita pa minibasi. Ulendo wachinayi kondakitala anawakankha kumsana akuti, "Changu madala, tikuchedwa!" ndipo munthu amene anatsegulira zitseko akuluakulu moyo wake wonse anagwera pamiyendo ya mayi wina wonyamula nkhuku. Atafika kunyumba analumbira kuti sadzakweranso. Za mafizo zinathera pomwepo, mkono n'kumangoumirabe.

Mayi Telala si munthu wolira tsiku lonse. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi analembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto, n'kumakhala pabenchi limodzi ndi achinyamata amene iwo omwe anawasokera mayunifolomu a kupulayimale. Mayeso oyamba analakwa. Achiwiri anakhoza, ndipo laisensi anaionetsa kasitomala aliyense sabata yathunthu, ngakhale wongobwera kudzasokeretsa zipi. Koma laisensi ndi pepala. Kiyi anali m'jekete, ndipo a Sanagundepo anangowalola chinthu chimodzi: kuliza injini m'mawa kuti batire lisafe, ndi kusuntha galimoto m'bwalo, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Kutuluka pageti, ayi.

Choncho m'mawa uliwonse zinkayenda motere. Ankayamba ndi kusisita mkono wa amuna awo ndi mafuta onunkhira mankhwala, kuchokera paphewa mpaka kuzala, chala chimodzichimodzi, monga anawaphunzitsira anamwino. Akatha ankapukuta manja pa epuloni, kutenga kiyi, n'kukakhala m'galimoto theka la ola akuyeserera kukhota. Kenako kiyi ankabwerera m'thumba lake, iwo n'kupita pa makina.

Ndiye kunabwera alamu. Awa anali ang'ono awo a Sanagundepo, a sitolo ya malata ndi simenti kutauni ina yakutali, munthu wodziwa chilichonse kuyambira matenda a nkhuku mpaka kaulukidwe ka ndege. Anafika Lolemba, ndipo tiyi asanazizire anali atayamba kale.

"Achimwene, galimoto yongokhala imawola. Ndipatseni ndiziyendera kusitolo, ikhale yamoyo. Mukachira mudzaitenga."

"Nanga kuchipatala apita pa chiyani?" anafunsa Mayi Telala.

"Alamu, kuchipatalako akupita panopa? Inu ndinu a singano. Msewu si nsalu yoti mukalakwitsa muphwasula n'kusokanso."

Mayi Telala anadikira kuti amuna awo akalipe. Sanakalipe. Anangoyang'ana kapu nthawi yaitali, ndipo mayi anaona kuti mtima wawo ukupendekera kwa mbale wawo. Zinawawawa. Pomaliza a Sanagundepo anagamula kuti mawa lake akazi awo awatulutse pageti, azungulire msika n'kubwerera, iwo aone ndi maso awo. Akapanda kukhutira, galimoto ipita ndi alamu Lachisanu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti ikapita, mkono uja sudzaonanso khomo la chipatala.

Inali nyengo ija mitambo imangoopseza osagwetsa mvula. Kutentha kwake kunali konyowa. Mchere unkasungunuka m'botolo, machesi ankakana kuyaka, zochapa zinkakhala pachingwe masiku awiri osauma, ndipo ukasamba unkayamba thukuta usanavale. M'masabata amenewo ndi m'mene chiwongolero chinayambira zachilendo. Chinkamata. Ukachigwira chinkakugwiranso, ndipo dzanja linkachokapo lili bii. Tsiku lina zakudazo zinafika pa kolala ya diresi loyera la kasitomala, Mayi Telala n'kulichapa mobisa. Ankachipukuta ndi nsanza osauza munthu, poopa kuti amuna awo anena kuti awononga.

Alamu anazitulukira madzulo a Lolemba lomwelo, atalowa m'galimoto kukadziyeza pampando ngati yawo kale. "Zazing'ono izi!" anatero. Anatenga palafini n'kuchikhula, kenako n'kupakapo polishi wa pansi kuti chiwale. Chinawaladi, munthu kudziona nkhope. Paja safunsa anadya phula, koma awa anachita kuliphika okha.

Lachiwiri a Sanagundepo anamaliza kukonzeka dzuwa lili paliwombo. Galimoto inali itakhala padzuwa mawindo ali chitsekere, ndipo potsegula chitseko munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni. Mayi Telala anakhazika amuna awo pampando wa kumanzere, pamene sanakhalepo chiilandirireni galimotoyo. Alamu anatsegula geti n'kuima pambali atapinda manja.

Getilo lili pangodya ya bwalo, moti kuti utuluke uyenera kubwerera chammbuyo ukukhota. Mayi Telala atagwira chiwongolero, zala zinamira. Analiza injini, nayamba kubwerera. Kukhota anakhota bwino. Itafika nthawi yotambasula zala kuti chibwerere chokha, chinakana kutsetsereka. Chinakoka chikhatho n'kupita nacho, dzanja lamanzere likuti lithandize nalo linamatirira pamwamba pa linzake, ndipo m'kulimbanako phazi linapulumuka pa kilachi. Galimoto inadumpha. Khwee!

Phokoso lake silinali lalikulu. Pachitseko chakumbuyo panatsala mzere wotalika ngati mkono wa munthu, penti wobiriwira wa geti ali pamwamba pa wotuwa.

"Eee! A Sanagundepo lero agunditsidwa ndi a kunyumba omwe!" anatero alamu, akuseka chikhakhali.

A Sanagundepo sanatembenuke kuti aone mzerewo. Anayang'ana zikhatho zakuda za akazi awo, kenako anatambasula dzanja lamanzere n'kukhudza chiwongolero ndi chala chimodzi. Chala chinachoka ndi ulusi wakuda wonanda.

"Zaka zonse ndagwira chiwongolero ichi sichinandimatepo," anatero motsitsa mawu. "Mayi, mwachichita chiyani?"

Mawu amenewa anawalasa kuposa kuseka kwa alamu. Mayi Telala anazimitsa injini, thukuta lili kamukamu, misozi ili pafupi, koma analuma mano.

"Bambo, ine nsalu sindidula ndisanayeze kawiri. Inunso mundiyeze kawiri. Lachinayi ndikutengani mpaka kuchipatala. Ndikalephera, kiyi ndidzapereka ndekha kwa alamu ndi manja awiri."

"Lachinayi basi," anatero a Sanagundepo. "Kukatero nkhani yatha."

Lachitatu m'mawa, atangomaliza kusisita mkono, Mayi Telala anakaitana makaniko wa pakona, mdala wina amene ovolosi yake inali ndi zigamba zawo zambiri kuposa nsalu yake yeniyeni. Mdalayo anakhudza chiwongolero n'kununkhiza chala.

"Palafini uyu. Ndani wachita zimenezi?"

"Alamu."

"Muwauze azingogulitsa malata. Komatu palafini wangomalizitsa, mayi, matendawa ndi akale. Taonani, chadyeka apa ndi apa, pogwira manja pokha. Musanalowe muno mumagwira chiyani?"

"Nsalu. Mwina mafuta a makina."

"Tabweretsani dzanja." Analinunkhiza n'kupukusa mutu. "Awa si a makina ayi. Awa ndi osisitira munthu."

Anawafotokozera kuti chiwongolero chili ndi kakhungu kopyapyala pamwamba. Mafuta a m'manja akamalowa m'kakhunguko tsiku ndi tsiku, n'kuonjezerapo thukuta, kenako kutentha ndi chinyezi n'kubwera kudzaphika zonsezo m'galimoto yotseka mawindo, kakhunguko kamasungunuka. Mayi Telala anaima duu akuyang'ana manja awo. Miyezi yonseyi ankachoka pamkono wa amuna awo n'kukagwira chiwongolero cha amuna awo omwewo, osadziwa kuti akuchiza uku akuwononga uku. Anafuna kuseka, anafuna kulira, koma chachikulu anamva kupepukidwa kuti sanali wosasamala.

"Ndiye chichira?" anafunsa.

"Kumata kutha. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale, nsanza yofewa yofinya bwino kuti madzi asadonthere ku mawaya a hutala. Khulani mpaka zakufazo zichoke, muumitse pamthunzi mawindo ali otsegula. Koma khungu lake silibwereranso, chikhala chokakala. Chikufunika chovala."

"Zogula kusitolo zija?"

"Zapulasitiki zija? N'zazikulu pa chiwongolero chakale ngati ichi, ndipo ndi thukuta ili zimaterera. Chikufunika chovala chogwira thupi, chomwa thukuta." Anayang'ana tepi m'khosi mwawo n'kunyamula chikwama chake. "Koma zimenezo si ntchito ya sipanala."

Mayi Telala anasunthira galimoto pansi pa mtengo wa m'bwalo n'kutsegula zitseko zonse. Beseni loyamba madzi anada ngati a makala. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachinayi nsanza inkabwera yoyera, ndipo chiwongolero chinali chotuwa, chokakala, chonyansa maonekedwe, koma chosamata. Anachisiya kuti chiume. Anachotsa tepi m'khosi n'kuchiyeza monga ayezera munthu, kuzungulira kwake ndi kunenepa kwake, kawiri, n'kulemba ndi choko pachikhatho.

Vuto linali nsalu. Anakhuthula matumba onse a zidutswa pansi m'chipinda chosokera. Ina inali yoterera, ina yopyapyala yoti sabata imodzi yabooka, ina yotamuka yoti izingozungulira payokha chiwongolero chili chiimire. Inkafunika nsalu yokhuthala, yolimba, imene zaka zaifewetsa kale. M'nyumba yonseyo nsalu yotero inalipo imodzi yokha, ndipo Mayi Telala ankadziwa pamene ili asanayambe n'komwe kukhuthula matumbawo.

Masana alamu anapita m'tauni kukaonana ndi anzawo a malonda, ndipo a Sanagundepo anagona tulo tawo ta masana pampando wa pabalaza. Mayi Telala analowa kuchipinda n'kuima kuseri kwa chitseko. Anaigwira jekete paphewa. Chaka ndi theka ankaisita Loweruka lililonse, akudziwa kuti chimene akusita ndi chiyembekezo cha amuna awo. Kuikhudza ndi lezala kunali ngati kuwauza m'maso muli gwa kuti pampando uja simudzakhalanso. Anachita mantha, osati pang'ono. Koma anaganizanso kuti jekete yopachika sinayambe yatengera munthu kuchipatala, ndipo anaitsitsa.

Sizasi sanaigwire. Anakhala pa makina ndi kalezala n'kuyamba kumasula msoko wa paphewa, ulusi umodziumodzi. Unali msoko wawo womwe wa pautsikana, ndipo unavuta kuchoka moti anadzitama chamumtima kuti kamtsikana kaja kankadziwa ntchito. Mikono iwiri itachoka anaiyala, anaisita, anaidula m'litali molingana ndi muyezo, n'kuilumikiza kukhala lamba mmodzi. Chigamba cha pachigongono chija anachisiya, nachiika pamene dzanja lamanja limagwira. Thupi la jekete analipenda bwinobwino m'makhwapa, n'kukulitsa pang'ono polowera mkono wamanja.

Kuveka chiwongolero kunali kwa pamanja. Anakhala m'galimoto ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba wosokera zikwama, akukoka msoko uliwonse mpaka nsalu itagwira nganganga, msokowo ukuyang'ana m'kati kuti usamakande zala. Thukuta linkadonthera pa magalasi. Chala chinabooka kawiri. Kasitomala wina anabwera kudzatenga siketi yake, anaona geti lotseka n'kubwerera. Dzuwa likupendeka anamanga mfundo yomaliza, anayesa kupotokola nsaluyo ndi manja awiri, ndipo sinasunthe. Anaphimba chiwongolero ndi thaulo, jekete n'kuibwezera kuseri kwa chitseko, pansi pa malaya ena.

Lachinayi kunacha kotentha chimodzimodzi. Mayi Telala anasisita mkono monga mwa masiku onse. Atatha anabweretsa beseni m'chipinda momwemo n'kusamba m'manja ndi sopo, kawiri, mpaka m'zigongono.

"Lero ndayamba kunyansa?" anafunsa a Sanagundepo.

"Ayi bambo. Amakaniko akuti chimene chinadya chiwongolero ndi mafuta awa. Ndinkachoka pamkono panu n'kukachigwira."

A Sanagundepo anayang'ana botolo la mafuta, kenako anayang'ana mkono wawo ukunyezimira. Kupepesa sikunali m'malamulo awo. Anangoweramitsa mutu n'kumakanda bondo.

Apo Mayi Telala anatseka chitseko n'kutsitsa jekete. Amuna awo ataiona anagwira ndodo ngati afuna kudzuka.

"Mikono ili kuti?"

"Ili pantchito. Tavalani kaye."

"Mwadula jekete yanga? Osandifunsa?"

"Sindinadule jekete, ndamasula msoko wanga womwe. Mkono ukadzachira ndidzakusokerani ina, tepi ndili nayo. Lero valani iyi."

Sanadikire yankho. Ananyamula mkono wopindika uja n'kuulowetsa, ndipo unalowa mosavuta. Anazungulira kumbuyo, analowetsa winawo, n'kumanga mabatani onse anayi. A Sanagundepo anaima pagalasi la pa wadiropu. Mapewa awo anawongoka okha. Koma nkhope inali yomangabe, ndipo Mayi Telala anatenga kiyi m'thumba lam'kati osadziwa ngati akonza kapena awonongeratu.

M'galimoto anachotsa thaulo lija. A Sanagundepo anayang'ana chiwongolero chabuluu nthawi yaitali, osaphethira.

"Ha! Chiwongolero chavala suti!" anatero alamu, atatsegula geti n'kudziponya pampando wakumbuyo. "Tiyeni tione ngati suti imayendetsa galimoto."

Mayi Telala analiza injini. Anabwerera chammbuyo akukhota. Itakwana nthawi anatambasula zala, ndipo chiwongolero chinatsetsereka m'zikhatho n'kubwerera chokha, mwakachetechete, nsalu ikusisita khungu. Galimoto inadutsa pageti kutatsala mpata wa chikhatho mbali iliyonse. Anaima kuti alamu atsike akatseke geti, ndipo atakweranso galimoto inalowa mumsewu.

Pamsika panali piringupiringu. Wa ngolo yokankha anadutsa osayang'ana, iwo anamudikira. Minibasi inalowerera kutsogolo kwawo mwachipongwe, iwo anaponda buleki mofatsa moti ndodo ya amuna awo sinagwe. Kunja kunkatentha, msana unanyowa, koma m'manja munali mouma, thukuta lonse nsalu ikumwa. Alamu kumbuyo ankangolangiza. Sinthani giya, alamu. Imbani hutala, alamu. Ine pano ndikanadutsa kalekale. Atayandikira pamphambano yozungulira, pamene magalimoto amalowa mbali zinayi, a Sanagundepo analankhula koyamba, osatembenuka.

"Mphwanga, dalaivala salankhulitsidwa."

Kumbuyo kunati zii. Mayi Telala anadikira mpata wawo, analowa, anazungulira, anatuluka, chiwongolero chikupita ndi kubwerera m'manja mwawo. Anamva mawu aja bwinobwino, koma sanayerekeze kumwetulira, poti ulendo unali usanathe.

Kuchipatala malo oimika anatsala amodzi okha, opanikizika pakati pa lole ndi khoma. Analowamo chammbuyo, kamodzi, osabwereza. Anazimitsa injini, anazula kiyi, n'kumupereka kwa amuna awo ndi manja awiri. Zikhatho zinali zoyera.

A Sanagundepo sanamulandire. Poimika paja chiwongolero chinatsala chitatembenuka, chigamba chili mbali yawo. Ndi dzanja lamanzere ananyamula lamanja lija, analikweza pang'onopang'ono n'kuligoneka pamenepo. Zala sizinatambasuke. Zinangokhala zofumbata pamwamba pa chigambacho, pansalu imene mkono womwewo unaibooka ndi zaka za pamsewu.

"Chigamba ichi n'chija?" anafunsa.

"N'chomwecho."

"Munasoka bwino nthawi ija."

"Ndasokanso bwino dzulo."

A Sanagundepo anaseka, kuseka kopendekera mbali imodzi kumene akazi awo anali asanakumve chiyambireni matenda, ndipo misozi inatsikira pa kolala ya jekete osaipukuta. Kenako anayang'ana manja awiri aja ali chitambasulire.

"Nanga kiyi mukundipatsiranji? Munaona kuti dalaivala akupereka kiyi kwa wokwera?" Anatembenuzira mutu kumbuyo. "Mphwanga, galimoto ino ili ndi mwini ntchito. Basi yakwanu ikunyamuka mawa m'mawa. Upemphe bwino, adalaivala akakusiya kudepoti."

Alamu anayamba zoti iwo anadziwa kale kuti alamu awo ndi katswiri, koma panalibe amene ankamvetsera. Mayi Telala anamangirira kiyi kunsonga ya tepi ya m'khosi. Kunyada kumene anamva kunaposa kwa tsiku la laisensi, kunaposa kwa tsiku limene galimoto inalowa pageti, ndipo sanakubise. Anatsika, n'kuona kuti amuna awo akhalabe phee pampando, akuyang'ana kutsogolo, chibwano chili m'mwamba.

"Bwanji, bambo? Mwendo?"

"Ndikudikira dalaivala anditsegulire."

Mayi Telala anazungulira galimoto, anadutsa pa mzere wobiriwira uja, natsegula chitseko. Anawapatsa ndodo, anawakonza kolala, n'kutseka chitsekocho osamenyetsa. Kenako anawagwira mkono wamanja n'kuyamba ulendo wa kukhomo la mafizo, kiyi akulira pachifuwa pawo.